Funsani Ambuya: Kwa atate akunditumiza kwa amai, kwa amai akundibweza kwa atate

FUNSO: Ambuya, ine ndine mnyamata wa ku Kapata konkuno ku Chipata. Atate anali Mchewa wa ku Katete, amai ndi Mngoni wa kwa Mpezeni. Atate atamwalira ndinapita kumudzi kukafunsa za munda womwe ankalima, azakhali anangoti mundawo ndi wa mbumba, iwe kwanu ndi kwa amako. Kupita kwa amalume, nawonso akuti ng'ombe za malowolo tinalandira kalekale, iwe ndi wa kwa atate ako. Ndiye ine ndine ndani kodi?
Wosokonezeka, Kapata

YANKHO: Pepa ndi maliro mwana wanga. Palibe amene akukunamiza apa, aliyense akukuona ndi maso a mwambo wa kwawo basi. Kwa Achewa mwana amatsata amake, wosunga mbumba ndi malume, ndipo munda umapita kwa ana a mlongo wa mwamuna, n'chifukwa chake azakhali ako anayankha choncho osaphethira n'komwe. Angoni nawo amati ng'ombe zikalowa m'khola ana ndi a kuchimuna. Atate ako akanakhala Mngoni amai Mchewa, bwenzi mbali zonse zikukulimbirana, iwe zinangokugwera chozondoka.

Koma amalume akowo asamachite matama kwambiri ndi Ungoni weniweni. Angoni atawoloka Zambezi mu 1835 ndi Zwangendaba, a Mpezeni atadzakhazikika kuno anakwatira akazi a Chinsenga ndi Achichewa ambirimbiri, ana n'kumakula ndi chilankhulo cha amai awo mpaka Chingoni chija chinangotsala m'nyimbo za ngoma ndi m'mayina ngati Jere, tamvera bwino zomwe anthu amalankhula ku Mtenguleni pa mwambo wa Angoni wa Nc'wala mu Febuluwale uone ngati n'Chizulu. Ndiye wosakanizika si iwe wekha, mudzi wonse uli choncho, kungoti ena nkhani ya munda sinawapeze.

Za katundu tsopano, apa usagone. Lamulo la kuno ku Zambia la mu 1989 la Intestate Succession Act limati munthu akamwalira osalemba wilu ana amatenga 50 peresenti, mkazi 20, makolo 20, ena omwe ankadalira malemuyo 10. Ngati atate anasiya ndalama ku banki, njinga yamoto kapena za penshoni, gawo lako lilipo, Mchewa kapena ayi. Koma lamulo lomwelo silikhudza malo a mafumu, ndiye mundawo ku khoti sukauwina, ungowononga ndalama za thiransipoti ndi kudana ndi abale.

Ine ndikanakhala iwe ndikanatenga amalume omwewo, popeza ng'ombe anadya ndi iwo, tipite limodzi kwa anyakwawa a mudzi wa atate. Osakalowa ndi mawu akuti munda wanga ayi, ukapemphe malo olima ngati mwana wobadwa kwa mwana wa pamudzipo, mafumu ambiri sakana pempho lotere makamaka ngati umaoneka pa maliro ndi pa zina za pamudzi. Ogasiti akafika pitanso ku Mkaika ku mwambo wa Kulamba kwa Gawa Undi, mfumu yaikulu ya Achewa, ukhale ndi azakhali akowo, uwagulire ngakhale chitenje, ndipo nkhani ya munda tsiku limenelo usaitchule.