Manotsi atatu okha mpaka Oscar? Yankho kwa achimwene a ku Rosettenville

Imelo ya sabata ino yachokera kwa achimwene ena a ku Rosettenville mu Joni muno, dzina ndasunga poti sanandiuze kuti ndilitchule. Akuti: "Ndaonera All Quiet on the Western Front pa Netflix pafoni yanga tsiku la ofu. Filimuyo ndi ya bho koma nyimbo yake inandibowa, kumangoti duuu duuu duuu basi. Mnzanga akuti inawina Oscar, zoona zimenezo? Nanga inuyo mumayang'ana chani popereka malikisi ku nyimbo za mufilimu ya nkhondo? Imeneyi pa 10 mungaipatse angati?"

Achimwene, mnzanuyo sananame. Anapeka nyimbo zija ndi Mjeremani Volker Bertelmann, ndipo mu 2023 anatengadi Oscar, mphoto yaikulu ija ya mafilimu ku America, anagonjetsa ngakhale mdala John Williams yemwe chaka chimenecho analinso pampikisano ndi The Fabelmans. Ndipo simuli nokha amene munanyansidwa nazo, anthu ambiri olemba za mafilimu anakangana nazo heve, ena amati ndi luso ena amati ndi phokoso chabe. Ine ndili mbali ya oti ndi luso, koma ndisanafike kumeneko pali kankhani ka foni.

Kasipika ka foni sikatulutsa bezi, kalibe mphamvu yokankha mpweya wokwanira, nde chilichonse chomwe chili pansi pansi, ma double bass, chelo, tuba, ng'oma zikuluzikulu za timpani zija, chimangosowa kapena kutuluka ngati kung'ung'udza. Ndiye nyimbo za filimu imeneyi theka lake lili pansipo. Manotsi atatu aja a duuu duuu duuu sanawapangire khutu lokha, anawapangira pachifuwa, akuyenera kukugundani mpaka mumve kusowa mtendere. Pezani mahedifoni, olo otchipa a pa China Mall bola akhale otseka khutu lonse, muonerenso maminitsi 15 oyambirira okha. Data yake sikhala yambiri.

Mukamaonera muone zomwe zikuchitika pomwe duuu uja akulira. Msilikali wachinyamata wafa kunkhondo, anthu akuvula mitembo mayunifomu, akuwamanga m'mitolo, akuwachapa magazi mu zimigolo, azimayi ali pamzere ndi makina osokera akutseka mabowo a zipolopolo, kenako yunifomu yomweyo akukapatsa mwana wina wasukulu, Paul, yemwe akusekerera poganiza kuti walandira yatsopano, mpaka akuona dzina la munthu wina pa kolala akumuuza kuti inamuchepera mwini wakeyo. Pamenepa mukanafuna nyimbo yanji? Mavayolini olira? Akanaika zimenezo ife tikanamva chisoni basi nkupukuta misozi nkupitiriza kudya ma chips. Bertelmann anasankha kuti timve kulira kwa makina, fakitale yomeza anyamata nkulavula zovala, ndipo manotsiwo sasintha, sakukula, sakupita kulikonse, amangobwera nthawi ina iliyonse makinawo akafuna nyama ina. Chomwe chimandisangalatsa nchoti chida chake si kompyuta ayi, ndi harmonium, limba lakale lija lopopa mpweya ndi mapazi, linali la amayi awo a agogo ake, analikonzetsa nkulilumikiza ku amplifaya kuti lituluke laukali choncho. Chida cha m'nyumba zopempherera cha nthawi yomweyo ya nkhondo ya mufilimuyo, nkhondo yoyamba ya dziko lonse, achisandutsa chilombo. Mumvetserenso ka ng'oma ka asilikali kamene kamangoti tha! mwadzidzidzi popanda bit yoti nkuitsatira, kenako zii, kenako tha tha! Sikakulolani kukhazikika.

Nde kukunyansani kuja, mbali ina ndi zomwe mwini wake amafuna. Koma sindikunena kuti chilichonse chonyansa nchaluso, ayi, tikatero ndiye kuti aliyense woononga makutu athu tizimuombera m'manja.

Ine chinthu choyamba chomwe ndimasaka mufilimu ya nkhondo si pomwe nyimbo ikulira koma pomwe yasiya. Tengani Saving Private Ryan ya 1998, ya Steven Spielberg. Gawo lotchuka lija asilikali a ku America akutsika maboti pa Omaha Beach pa 6 June 1944, maminitsi opitirira 20 a moto wokhawokha, mulibe nyimbo olo notsi imodzi. Mafunde, zipolopolo zikuboola zitsulo, anthu akukuwa kuitana amayi awo, basi. Ndipo wopeka nyimbo wake anali John Williams, munthu yemwe akanafuna akanadzaza holo yonse ndi malipenga, anali ndi Boston Symphony Orchestra yonse m'manja mwake, koma iye ndi Spielberg anagwirizana kuti pankhondo penipeni nyimbo isalowepo. Nyimbo yake yaikulu, Hymn to the Fallen, ya kwaya yong'ung'uza yopanda mawu ndi malipenga ofatsa, anaisungira kumapeto mayina akamakwera. Amene munakhalapo pamaliro kumudzi mukudziwa kusiyana kwa kwaya yomwe imaimba usiku wonse osapuma mpaka anamfedwa kusowa polirira, ndi kwaya yomwe mtsogoleri wake amadziwa kuti bokosi likamatsika tikhale kaye chete anthu amve dothi likugwa. Yachiwiriyo nde imene ndimaipatsa malikisi ambiri. Oscar ya chaka chimenecho Williams sanaipate, inapita kwa Nicola Piovani wa Life Is Beautiful, nde musamadalire kwambiri Oscar poyeza zinthuzi.

Kenako ndimadzifunsa kuti nyimboyi ikufuna ndimve bwanji za nkhondo, ndipo ikundinamiza kapena ayi. Apa mpamene pamavuta chifukwa okestra ndi yoopsa, anthu 80 kapena 90 akakoka uta limodzi pa mavayolini ndi machelo thupi limachita tsembwe ufune usafune, ndipo imfa yonyansa imatha kuoneka yokongola. Mu Platoon ya 1986 muli Adagio for Strings ya Samuel Barber, nyimbo yomwe sanaipekere filimu, inalipo kale kuyambira m'ma 1930. Sajeni Elias akuthamanga akuomberedwa kumsana, akugwada manja m'mwamba, mahelikopita akumusiya, zingwe za mavayolini zija zikukwera pang'onopang'ono mpaka pamwamba penipeni. Nzamphamvu, sindingakane. Koma nthawi zina ndimaona ngati yakongoletsa kwambiri, munthu wafa ngati galu koma nyimbo yamusandutsa chithunzi chopachika pakhoma. Pa ichi ndimachotsako kamalikisi kamodzi ngakhale anthu ambiri angandinene.

Yerekezani ndi Apocalypse Now ya 1979 pomwe mahelikopita akukaphulitsa mudzi wa ku Vietnam uku Ride of the Valkyries ya Wagner ikulira. Kusiyana kwake nkoti nyimboyo ikuchokera m'masipika omwe asilikaliwo amangirira pa mahelikopita awo, ndi iwowo aisankha kuti adzimve ukatswiri komanso kuopseza anthu apansi. Filimu ikukuonetsani mmene nyimbo imaledzeretsera munthu wakupha, ndipo inunso mukazindikira kuti mumagwedeza mutu nawo mumachita manyazi. Ichi ndi chinthu choti muzichiyang'ana nthawi zonse achimwene, kodi anthu a mufilimumo akuimva nyimboyi kapena tikuimva ndife tokha oonera. Mu 1917 ya Sam Mendes, Thomas Newman analemba nyimbo zambiri zabwino za okestra koma pomwe anthu ambiri amakumbukira ndi pomwe okestra yakhala chete, msilikali mmodzi waima m'nkhalango akuimbira anzake ndi pakamwa pokha asanapite kukafa.

Dunkirk ya 2017 nde ina. Hans Zimmer sanavutike nkukuliritsani, iye amafuna mtima wanu uthamange basi. Anatenga kulira kwa wotchi ya m'thumba ya dayirekita Christopher Nolan, tiki tiki tiki, nkukuika pansi pa chilichonse, kenako anagwiritsa ntchito kachinyengo kena kotchedwa Shepard tone. Mmene kamagwirira ntchito nkuti pamakhala mawu angapo otalikirana ndi octave (notsi yomweyomweyo koma ina pansi ina pamwamba) onse akukwera limodzi, apamwamba akamafika kumapeto amazilala mwakachetechete pomwe ena atsopano akulowa pansi osamveka kuti alowa liti, nde khutu limangomva ngati zikukwerabe, zikukwerabe, osafika. Pafupifupi filimu yonse uli m'mwamba choncho. Mpumulo umabwera pomwe timaboti ta anthu wamba tatulukira kudzatenga asilikali, pamenepo akulowetsa Nimrod ya Edward Elgar ya 1899, ataichedwetsa kwambiri mpaka osaizindikira msanga. Kwa Mngelezi nyimbo imeneyo ndi ya tsiku lokumbukira omwe anafa kunkhondo, imamugwira pamtima asanadziwe nkomwe chomwe chamugwira. Kwa ine wa ku Ntcheu imangokhala yokoma, ilibe katundu yense uja. Nde malikisi amatengeranso komwe khutu lako linakulira, palibe sikelo imodzi ya dziko lonse.

Mwafunsa manambala nde nawa, koma ine ndimapereka awiri. Oyamba ndi a ntchito yomwe nyimbo yagwira mufilimu, achiwiri ndi a nyimboyo payokha ndikaiika m'makutu mu taxi kuchoka pa Bree kupita ku Randburg popanda chithunzi chilichonse. All Quiet mufilimu ndikuipatsa 9. Payokha 5, mwina 6, ili ndi timagawo tina tofewa ta zingwe tokoma ndithu makamaka pomwe anyamata aja ali phee kutali ndi mzere wa nkhondo, koma palibe munthu wabwinobwino angaike duuu uja Lamlungu masana akuchapa. Dunkirk chimodzimodzi, 9 mufilimu, 4 payokha, imangokupatsa BP. Saving Private Ryan 9 ndi 8. Imene imakwera mbali zonse kwa ine ndi The Thin Red Line, ya Zimmer yemweyo, inatuluka 1998 chaka chimodzi ndi ya Spielberg ija. Muli kachigawo kotchedwa Journey to the Line komwe kamayamba ndi kugunda kwakung'ono nkumakula pang'onopang'ono kwa maminitsi ambiri osathamangira, ndiponso muli makwaya a anthu a ku zilumba za Melanesia komwe nkhondo ya Guadalcanal inachitikira, mukawamva mudzakumbuka kwaya ya kwanu, mawu anayi osakaniza bwino popanda chida. Imeneyo 9 ndi 9. Teni sindipereka, ndine wowuma manja kkkk. Mukafuna nambala imodzi yokauza mnzanu uja, tengani yoyambayo, chifukwa munthuyo anamulemba ntchito yopekera filimu osati chimbale.

Pali funso lina lomwe azungu olemba za mafilimu safunsa kawirikawiri koma ine silindichoka, loti okestrayi ikulira maliro a ndani. Nkhondo yomweyo ya Paul, ya 1914 mpaka 1918, inafikanso kwathu. Ku Karonga kunamenyedwa nkhondo mu September 1914, manda alipo mpaka lero. Azigogo athu ambirimbiri anatengedwa, ena ngati asilikali a King's African Rifles (KAR), ochuluka zedi ngati amtengatenga osenza katundu wa nkhondo pamutu mpaka ku Tanganyika ndi Mozambique, ambiri anafera m'njira ndi njala ndi matenda. John Chilembwe analemba kalata yodandaula za zimenezi kumapeto kwa 1914 asanayambe kuukira kwake mu January 1915. Chipilala cha KAR chili pa Zomba. Kuno ku Joni mukapita ku manda a Avalon ku Soweto mukapeza chikumbutso cha sitima ya SS Mendi yomwe inamira pa 21 February 1917 ndi anthu oposa 600, ambiri mwa iwo akuda omwe amapita ku France kukagwira ntchito za nkhondo. Mafilimu onse ndatchulawa palibe olo imodzi yomwe vayolini wake akulirira anthu amenewa. Sindikuchotsera malikisi Bertelmann pa chifukwa chimenechi, iye anapatsidwa nkhani ya anyamata a ku Germany ndipo anaigwira. Koma tsiku lomwe Mmalawi adzapange filimu ya amtengatenga, ndikupempha asadzakopere Zimmer. Tili ndi malipenga ndi mganda, magule omwe anabadwa poonera perete ndi mabandi a asilikali omwewo, zikho zija zolira ngati malipenga a mkuwa, ng'oma yaikulu, mayunifomu oyera. Wina adzatenge zimenezo, azichedwetse, aike machelo pansi pake, tidzaone ngati holo sidzalira.

Chomaliza achimwene, poti muli mu Joni momwemuno, khutu la okestra silikula ndi mahedifoni okha. Johannesburg Philharmonic Orchestra imaimba ku Linder Auditorium ku Parktown, pa kampasi ya Wits ya zamaphunziro, kuchoka ku Rosettenville ndi ma taxi awiri basi. Yang'anani pulogalamu yawo pa intaneti, ofu yanu ikagwirizana ndi tsiku la konsati gulani tikiti yotchipitsitsa, ndipo ngati nkotheka mukhale mbali ya kumanja komwe kumakhala machelo ndi ma double bass. Osaomba m'manja pakati pa zigawo za nyimbo, dikirani kondakitala, wotsogolera oimba uja, atsitse manja atembenuke, apo ayi azigogo achizungu a pambali panu akuyang'anani ndi diso loipa. Mukakabwerako mudzandilembere kuti All Quiet mwaipatsa angati.