Mahedifoni a 250 ohm pa foni yopanda kabowo: mugule chiyani?

Achimwene ena a ku Zomba anditumizira imelo. Akuti m'bale wawo wa ku Johannesburg adawatumizira mahedifoni a Beyerdynamic DT 770 Pro, aja a 250 ohm (ohm ndi muyeso wa mmene mahedifoni amakanira magetsi), koma foni yawo ndi Samsung Galaxy A54 yomwe ilibe kabowo ka mahedifoni. Adagula kachingwe ka USB-C pamsika, foni ikukakana, ndipo ka mnzawo kamene kakugwira kakutulutsa mawu otsika kwambiri. Funso lawo ndi loti agule DAC yanji, komanso ngati yolembedwa 32-bit/384kHz ndiyo yabwino.

Achimwene, tiyambe ndi kachingwe kakukanidwako. Nyimbo m'foni zimakhala manambala chabe. DAC ndi kachipangizo kosandutsa manambalawo kukhala mawu, ndipo amplifaya ndi yomwe imawapatsa mphamvu yokankha masipika a m'mahedifoni. Tizingwe tambiri totchipa mulibe chilichonse mkati, ndi waya basi, timadalira kuti foni itulutse yokha mawu kudzera pa USB-C. Mafoni ena amatero, koma Samsung yanuyo ayi. Imafuna kachingwe kokhala ndi DAC mkati mwake. Foni yanu si yowonongeka.

Tsono za mawu otsika. Apa musayang'ane ma bit, yang'anani mavolti. DT 770 Pro ya 250 ohm imatulutsa pafupifupi 96 dB (dB ndi muyeso wa kukwera kwa mawu) ikalandira mphamvu ya miliwati imodzi, ndipo kuti miliwati imodziyo ipezeke pa 250 ohm pamafunika theka la volti. Mukaipatsa volti imodzi imafika 102 dB, mavolti awiri 108 dB. Munganene kuti 96 dB ndi phokoso lokwanira kale, inde, koma pamenepo ndi pothera penipeni. Ng'oma ikagunda kapena kwaya ikakweza mawu pamafunika mpata wina pamwamba, makamaka pa nyimbo zakale zomwe zidajambulidwa motsika. Kachingwe kofooka pa mahedifoni amenewa kali ngati wakabaza atanyamula matumba atatu a chimanga pachitunda: afika, koma movutikira.

Anthu ambiri pa intaneti amatama kachingwe ka Apple ka madola 9, ndipo n'zoona kuti mawu ake ndi oyera. Vuto lake, ka ku America kamafika volti imodzi, ka ku Ulaya theka lokha, ndipo pa Android nthawi zambiri voliyumu yake imakhala yotsekeredwa pansi pokhapokha mutagwiritsa ntchito pulogalamu ngati USB Audio Player PRO. Kwa wina amene ali ndi timahedifoni tolowa m'khutu kapena Audio-Technica ATH-M50x ya 38 ohm, ndikanati gulani kameneko nkhani ithe. Kwa inu, funani chofika mavolti awiri pa kabowo ka 3.5mm. FiiO KA11 imakwanitsa, Moondrop Dawn Pro nayonso.

Pa Dawn Pro mupezapo kabowo kachiwiri ka 4.4mm kolembedwa mavolti anayi. Musakopeke nako. Chingwe cha DT 770 Pro yanu sichichoka, ndipo sichidapangidwire kabowo kameneko. Kukakamiza ndi adaputa kungathe kuwononga amplifaya.

Nanga 32-bit/384kHz? Manambalawa amangonena mlingo wapamwamba wa fayilo ya nyimbo yomwe DAC ingawerenge. Nyimbo za pa CD ndi 16-bit/44.1kHz, ndipo zimene ambirife timamvera ndi MP3 zotumizirana pa WhatsApp kapena nyimbo za pa Boomplay ndi Spotify. Fayilo ya 128kbps siisintha chifukwa mwaidutsitsa pa DAC yodula. Ndalama imeneyo ndi bwino ipite ku bandulo, mudawunilode nyimbo zomveka bwino.

Chimene ogulitsa satchula ndi batire. Tizipangizo timeneti timamwa moto wa foni, ndipo tikalowa pa USB-C ndiye kuti pobaya tchaja patsekeka. Tsiku loti magetsi athima kuyambira m'mawa mudzazimva. N'chifukwa chake ngati thumba likulola ndimakonda Qudelix 5K, ya pafupifupi madola 110. Ili ndi batire yakeyake, imalumikizika pa Bluetooth ya LDAC (njira yotumizira mawu omveka bwino) yomwe Samsung yanu ili nayo, imafika mavolti awiri pa 3.5mm, ndipo ili ndi EQ (chokwezera kapena kutsitsira zigawo za mawu, monga besi) yosungidwa mkati mwake. EQ imeneyi ndi yofunika kwa inu, chifukwa DT 770 Pro imadziwika ndi mawu akuthwa cha kumtunda, zilembo za "s" zimalasa khutu. Mukatsitsako pang'ono pamenepo mudzamva kusintha kwakukulu kuposa kusintha DAC.

Ngati ndalama ndi yochepa, muuzeni m'bale wanu akugulireni KA11 komweko, ndipo musamale kachingwe kake, chifukwa timathyokera pakhosi tikamapindika m'thumba la buluku. Mphamvu ikabwera musaimalize yonse: bungwe la WHO limati mlingo wosavulaza makutu a munthu wamkulu ndi 80 dB kwa maola 40 pa sabata, ndipo mahedifoni anuwa amatseka kale phokoso lakunja.