Mwana wa m'buku lanu akula bwanji pamene zonse akusankha ndi akuluakulu?

Kalata ya pa imelo yomwe yafika sabata ino ndi yochokera kwa mlembi amene akulemba buku la nthano yaitali. Mpangankhani wake wamkulu ndi mnyamata wa ku Dedza. Nkhani ikuyamba mu 1972 mnyamatayo ali ndi zaka 11, ndipo ikutha ali ndi zaka 17. Bambo ake akupita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, bungwe lomwe linkalemba anthu ntchito ya kumigodiko, malume akumusiyitsa sukulu kuti aziweta ng'ombe, kenako mayi ake akukwatiwanso. Anzake awiri a mlembiyu omwe adawerenga zolembazo adanena chimodzimodzi: mnyamatayu akungokokoloka ngati chikuni pa madzi osefukira. Funso la mlembiyu ndi ili: "Kodi ndichepetse mphamvu za akuluakuluwa kuti mwanayu aoneke kuti akukula?"

Musachepetse ayi. Mwana wa zaka 11 pamudzi wa Achewa mu 1972 analibe mawu pa za sukulu kapena za banja la mayi ake, ndipo mukamupatsa mawu amenewo, owerenga omwe adakula nthawi imeneyo atseka bukulo. Vuto lili pena. Zochita za akuluakulu anu zikumugwera mwanayu ngati chilala, chinthu chopanda mwini, ndipo zikamugwera iye sakuchitapo kanthu.

Yambani ndi akuluakuluwo. Tengani pepala limodzi pa munthu aliyense, mulembe njira ziwiri zomwe zinali patsogolo pake, chomwe akanapeza ndi chomwe akanataya pa njira iliyonse, komanso dzina la munthu amene adamuletsa. Ngati simukupeza njira yachiwiri, ndiye kuti munthuyo sadasankhe kalikonse, mwangomukankha inu mlembi.

Taonani bambo aja. Ku Dedza mwina ndi mkamwini: munda womwe akulima ndi wa kuchikazi, ana ndi a mbumba ya mlamu wake. Msonkho ukufunika, fizi ikufunikanso, poti sukulu ya pulayimale idakhala yaulere mu 1994, zaka 22 kutsogolo kwa pomwe nkhani yanu ikuyambira. Munthu ameneyu akamakwera ndege pa Chileka, akupita kukafuna fizi ya mwana wake, koma akuthawanso mudzi womwe sakumvedwa. Zonse ziwiri zikhale zoona, ndipo iye mwini asadziwe kuti cholemera ndi chiti. Malume nawonso musawalembe ngati munthu wankhanza chabe. Iwo ndi mwini mbumba. Mwina akusamala ana a alongo awo atatu ndipo ndalama ikukwanira mwana mmodzi. Akasankha kulipirira mwana wamkulu yemwe ali mu Sitandade 8, owerenga amva kuwawa kwinaku akuona kuti nawonso akanatha kutero. Kwa malume wankhanza mnyamata amaphunzira chidani chokha, ndipo chidani chimatopetsa chikafika mutu wachisanu. Kwa malume wokhala ndi zifukwa, mnyamatayo amaphunzira chinthu chovuta kumeza: munthu wokukonda akhoza kukuika pambuyo.

Zaka zomwe mwasankha zakupatsani mphatso yaikulu. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, ndipo Amalawi opitirira 70 omwe ankachokera ku migodi adafa. Pulezidenti Kamuzu Banda adaletsa kulemba anthu opita kumigodiko, ndipo pasanathe zaka ziwiri amuna ochuluka zedi adabwerera kumudzi. Chiyeso chachikulu apa n'choti muike bambo a mnyamatayu m'ndegemo. Ndikupemphani musatero. Ngozi si chisankho cha munthu, ndipo bambo womwalira mwana sangamufunse kanthu, amangomulira. Koma bambo amene anzake onse afika ndi masutikesi ndi mawailesi, iye yekha osaoneka, watsala dala n'kusanduka mtchona, ameneyo wasiyira mwana wake funso loti alisenze mpaka zaka 17.

Tsopano kwa mwanayo, pomwe pagona ntchito yeniyeni. Chisankho chilichonse cha wamkulu chizitsatiridwa ndi chisankho cha mwana, m'mutu womwewo kapena wotsatira. Chikhale chaching'ono, chofanana ndi msinkhu wake, koma chikhale ndi zotsatira zomwe sangazibweze. Funani pamene mwana wopanda mphamvu ali ndi kamphamvu kobisika. M'nkhani yanu kamphamvuko kali poyera: ngati mayi ake sadziwa kuwerenga, wowerenga makalata ochokera ku Joni ndi mnyamatayu. Kalata yoyamba aiwerenge yonse, monyadira, azakhali ndi agogo atakhala pamkeka. Kalata ya mu 1975, yomwe bambo akunena kuti sabweranso, afike pa mzere umenewo n'kuudumpha. Sadaname ndi mawu ambiri, wangomeza chiganizo chimodzi. Koma chifukwa cha ichi mayi ake adikira chaka china, akana mwamuna amene akanalima munda, ndipo njala ya chaka chimenecho mwanayo akudziwa kuti ali ndi gawo lake. Kuyambira pamenepo sangathenso kuweruza bambo ake ndi mtima woyera, poti iyenso wasankhira munthu wina moyo mosamufunsa.

Kukana kwa mwana kulembedwe monga ana a kwathu amakanira. Pa zaka 11 sayankha malume. Amagwada, n'kunena kuti "Ndamva, a malume," kenako ng'ombe n'kulowa m'dimba la eni ake iye akuwerenga buku pansi pa mtengo. Amadandaulira agogo, poti kwa agogo mdzukulu amamasuka. Pa zaka 14 akhoza kuthawa usiku kapena kukana nsima. Pa zaka 17 akhale ndi wina wamng'ono m'manja mwake, mwina mlongo wake, ndipo ndalama ikwanire mmodzi monga zidalili kwa malume. Asankhe mofanana nawo kapena mosiyana, zili kwa inu. Chofunika n'choti owerenga azindikire mphambano yomweyo popanda inu kuwalozera.

Za kuchuluka: m'buku la mitu pafupifupi 20, zisankho zazikulu za akuluakulu zitatu kapena zinayi n'zokwanira. Pakati pa chimodzi ndi chinzake siyani mitu itatu kapena inayi kuti tione mwanayo akukhala nacho, akudzuka nacho, akupita nacho kudambo. Olemba ambiri amaunjika mavuto, uyu wachoka, uyu wadwala, nkhokwe yapsa, poganiza kuti kuchuluka kwa misozi ndiko kukula. Chotsatira chake mwana alibe mpata woyankha, ndipo ndi pomwe amasanduka chikuni chija.

Samalaninso za zomwe mwanayo akudziwa. Ngati nkhani ikuoneka ndi maso ake, asamve zifukwa zonse tsiku lomwelo. Poyamba aone chabe: sutikesi ili pakhomo, mayi sakuyankhula. Kenako auzidwe mawu omwe akuluakulu amauza ana, omwe amakhala theka la choonadi. Theka linalo alipeze patapita zaka, ndipo alipeze mwangozi, pamaliro kapena pamowa anthu akuyankhula osadziwa kuti iye akumva. Pewani mutu womaliza woti malume adwala, aitana mwana wa mlongo wawoyu n'kumufotokozera zonse mwatsatanetsatane. Zimenezo zimamulanda mnyamatayo ntchito yolumikiza yekha.

Chisankho chimodzi mwa zinayizo chikhale chabwino, koma chabwinocho chikhale ndi mtengo wake. Mphunzitsi akamulipirira fizi, mnyamatayo akhala ndi ngongole ya mumtima, malume achita manyazi pamudzi, ndipo mwana wa mphunzitsiyo akhoza kumuda. Mukangomubweretsa mphunzitsiyo ngati mpulumutsi wopanda banga, mwabwezera mwanayo pa madzi aja, kungoti tsopano akukokolokera kwabwino.

Kanthu kena kakang'ono kothandiza: kwacha idayamba mu 1971, choncho akuluakulu a m'buku lanu angathe kumawerengabe ndalama m'mapaundi ndi mashiling pomwe mnyamata wa sukulu akuwerenga makwacha ndi matambala. Amenewa ndi malo enanso omwe akuluakulu akudalira mwanayo, ndipo pomwe munthu akudaliridwa pamakhala poti asankhe.

Mukamabwereza zolemba zanu, fufutani chiganizo chilichonse chonga "tsiku limenelo adasanduka mwamuna." M'malo mwake muonetseni akuchita chinthu chomwe m'mutu woyamba sakanachita. Kenako yesani chisankho chilichonse cha wamkulu motere: chichotseni kwakanthawi, muwerenge mitu iwiri yotsatira. Ngati mnyamatayo akuyankhula ndi kuchita chimodzimodzi, chisankhocho sichidamukhudze, ndipo muyenera kulembanso mitu iwiriyo kapena kuchichotseratu. Yambani ndi mutu wa kalata ya mu 1975, poti ukakhala bwino, ukwati wachiwiri wa mayi ake ndi zonse za malume zifuna kulembedwa mwatsopano kuchokera pamenepo.