Yankho kwa bambo wa Probox: galimoto yonyansa kuposa zonse ndi iti?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Zomba. Akuti chigulireni Toyota Probox alamu awo sakuwapatsa mpata, tsiku ndi tsiku amawauza kuti anagula bokosi la matayala, galimoto yonyansa kuposa zonse padziko. Ndiye akufunsa ngati n'zoona, ndipo ngati si zoona, yonyansa kwenikweni ndi iti, yopangidwa moipa ndi iti.

Bambo, zikomo pondilembera. Mafunso anu ndi awiri, ndiwayankha padera, chifukwa kunyansa kwa galimoto sikundiopsa ngati kupangidwa moipa.

Pa kunyansa, dzina limene silichoka pakamwa pa anthu ndi Fiat Multipla ya ku Italy, yomwe inatuluka mu 1998. Kaioneni pa intaneti. Pansi pa galasi lakutsogolo pali chotupa chodutsa mbali ndi mbali, ndipo pachotupapo anaikaponso magetsi ena awiri, moti nkhope yake imakhala ngati ya chule wofufuma. Magalasi am'mbali ndi ataliatali, okwera amaoneka ngati akhala pakhonde. Koma tsegulani chitseko muone. Kutalika kwake sikukwana bwinobwino mamita 4, komabe mumalowa akuluakulu 6, atatu kutsogolo, atatu kumbuyo, aliyense pampando wakewake. Giya anaiika padashibodi kuti wokhala pakati asasowe poika miyendo. Amene anaijambula, Roberto Giolito, anayamba waganiza za anthu okhala m'katimo, thupi linangotsatira. Mu 1999 anaiika pachionetsero ku Museum of Modern Art, nyumba yoonetseramo zaluso, ku New York. Mu 2004 kampani ya Fiat inaisintha nkhope kuti izioneka ngati zinzake, ndipo ine ndimaona kuti pamenepo inataya kanthu.

Ku America amatchula Pontiac Aztek, imene kampani ya General Motors inapanga kuyambira 2000 mpaka 2005. Kutsogolo kwake kuli ngati asanjikiza nkhope za magalimoto awiri. Imeneyo sindiiikira kumbuyo.

Tsopano yopangidwa moipa. Apa mtima wanga umapita pa Ford Pinto, ya m'ma 1970, kagalimoto kooneka bwinobwino koti simungakatembenukire pamsewu. Thanki ya petulo anaiika pakati pa bampala yakumbuyo ndi chitsulo cholumikiza matayala akumbuyo. Galimoto ina ikaigunda kumbuyo, thankiyo inkakankhidwira pa mabawuti a difu, chibokosi cha magiya chokhala pakati pa chitsulocho, n'kubooka, kapena paipi yothirira petulo inkazuka. Petulo akatayika, kamoto kakang'ono kanali kokwanira. Anthu anapsa, ena anafa, milandu inafika kukhoti ku California, ndipo mu 1978 kampani ya Ford inaitanitsa magalimoto pafupifupi 1.5 miliyoni kuti akakonzedwe. Wogula Pinto sakanatha kuona vutoli poizungulira pamalo ogulitsira, n'chifukwa chake nkhaniyi imandiwawa mpaka lero.

Trabant 601 ya ku East Germany, yopangidwa ku Zwickau kuyambira 1964 mpaka 1990, inali ndi mavuto oonekeratu. Injini yake inali ngati ya njinga yamoto, yofuna kusakaniza oilo ndi petulo, ndipo inkafuka utsi wabuluu. Thanki inali m'boneti, pamwamba pa injini, ndipo kuti mudziwe petulo watsala wochuluka bwanji munkatsegula boneti n'kuviika kandodo. Thupi lake linali la pulasitiki wolimba wosakaniza ndi zotsalira za thonje. Anthu ankadikira zaka zoposa 10 kuti aipeze, poti posankha panali pochepa. Ku England kunali Reliant Robin, yamatayala atatu, limodzi lokha kutsogolo, yosachedwa kupendekeka mukakhota mothamanga.

Ngakhale makampani otchuka amaphonya. Mu 1997 Mercedes-Benz A-Class yatsopano inagubuduka ku Sweden atolankhani akuiyesa mmene ingazembere chinyama chodutsa pamsewu mwadzidzidzi. Kampaniyo inasiya kaye kugulitsa, n'kuikonza, n'kuikamo makina othandiza kuti isamaterereke pokhota.

Nanga Probox yanuyo? Toyota inayamba kuipanga mu 2002, ya anthu ogwira ntchito yonyamula katundu ku Japan. Kumbuyo anaipanga ngati bokosi dala, kuti makatoni azilowa mpaka kudenga popanda malo owonongeka. Alamu anu sakunama kuti si yokongola, koma pamndandanda wa zopangidwa moipa sindingaiikepo. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi mmene timaigwiritsira ntchito kuno kwathu: matumba a chimanga mpaka kumbuyo kukhudza pansi, anthu ena atakhala kubuti kopanda mpando kapena lamba. Inu musatero. Muzionetsa mabuleki ndi matayala kwa makaniko wanu pafupipafupi, ndipo kubutiko muziikako katundu yekha.