Jafali si dzina lachiyao, linachokera kwa Aarabu

Achemwali mwafunsa kuti apongozi anu akufuna mwanayo akhale Jafali potengera malemu agogo ake ndiye mukufuna kudziwa tanthauzo komanso ngati ndi lachiyao. Choyamba tithokoze kuti mwachira bwino.

Lachiyao ayi, ndi lachiarabu, eni ake amati Ja'far. Pakatipo pali chilembo china amati ayn chimatchulidwa ndi kukhosi, ife lilime limakana ndiye tinangochilumpha, r uja nkukhala l kenako nkuika i kumapeto ngati mmene tinachitira ndi Saidi ndi Rashidi. Aswahili amati Jafari. Kuno maina amenewa anafika ndi Chisilamu kudzera mwa amalonda a ku Kilwa ndi Zanzibar m'zaka za m'ma 1800, nchifukwa chake mumawamva kwambiri ku Mangochi, Machinga ndi Nkhotakota mpaka anthu kumaona ngati ndi achiyao.

Tanthauzo lake ndi kamtsinje, madzi oyenda. Kwa ife tingati aaa dzina lanji limeneli koma taganizani munthu wa kuchipululu amene amayenda masiku osaona dontho, kumutcha mwana kamtsinje sizocheza. M'chiarabu chakale mawu omwewa ankanenanso ngamila yaikazi yotulutsa mkaka wambiri.

Koma ine chimene chimandigwira mtima ndi munthu amene analitchukitsa, Ja'far ibn Abi Talib, m'bale wake wa Mtumiki Muhammad (abambo awo anali pachibale) komanso mkulu wake wa Ali. Asilamu oyamba akuzunzidwa ku Mecca cha m'ma 615 ena anathawira ku Abyssinia komwe lero timati Ethiopia, ndipo anthu a ku Mecca atatumiza nthumwi ndi mphatso kuti mfumu yachikhristu Najashi iwabweze, amene anaimirira kuyankhula anali Ja'far yemweyu. Anawerenga gawo la Surah Maryam, mutu wina wa mu Korani, lonena za Mariya ndi kubadwa kwa Yesu, mfumu inalira nkukana kuwapereka. Ndiye ngati kwanu ndi akhristu osadandaula, dzinali mbiri yake ili ndi akhristu momwemo.

Anafa mu 629 pa nkhondo ya Mu'tah, pano ndi ku Jordan. Mbiri imati anadulidwa dzanja lamanja atagwira mbendera, nkuigwira ndi lamanzere nalo nkudulidwa, nkuikumbatira pachifuwa. Mpake amamutcha al-Tayyar, wouluka, poti Asilamu amakhulupirira kuti anapatsidwa mapiko awiri m'malo mwa manja aja. Palinso Ja'far al-Sadiq, shehe wamkulu wa ku Medina amene anamwalira mu 765, Asilamu a gulu la Shia amamutenga ngati Imam, kutanthauza mtsogoleri wawo wachipembedzo, wachisanu ndi chimodzi.

Chinthu chimodzi chokha, gwirizanani speling'i musanalembetse. Mphwanga pa setifiketi ya sukulu ndi Jafali pa ID ndi Jaffar, anavutika nazo heve pofuna pasipoti.