Anakuimitsani mu kwaya chifukwa cha funso?

Mtsikana wina wanditumizira imelo. Akuti anamuimitsa mu kwaya atafunsa kuti ngati Mose analembadi mabuku asanu oyamba aja, nanga analemba bwanji za imfa yake yomwe pa Deuteronomo 34? Pano anzake akumulambalala, ndiye akufunsa ngati kuli bwino kukapepesa.

Achemwali, tulo sindinatione nditawerenga, chifukwa ine zinandigwerapo ndili Fomu 3. Funso langa linali lina koma mathero ake omwewa. Lamulungu lotsatira mnzanga amene tinkadyera mbale imodzi ananyamula buku lake la nyimbo n'kusamukira benchi ina osandiyang'ana n'komwe, kufika kunyumba ndinapeza amayi akulira ngati kwagwa maliro, ndipo mpaka lero ndikaona benchi yopanda munthu pambali panga mtima umandiwawa.

Funso lanulo analifunsapo Baruch Spinoza, Myuda woganiza mwakuya wa ku Amsterdam m'dziko la Netherlands. Mu July 1656, ali ndi zaka 23 zokha, akuluakulu a sunagoge anamuchotsa ndi temberero loopsa: munthu asalankhule naye, asamulembere, asakhale naye denga limodzi, asamuyandikire mikono inayi, asawerenge chilichonse chomwe walemba. Abale ake omwe, tangoganizani! Iye sanabwerere kukagwada. Anayamba kupala magalasi a ma microscope ndi ma telescope kuti azipeza yogulira chakudya, kwinaku akulemba. Mu 1670 anatulutsa buku osaikapo dzina lake, momwe anati Mose sanalembe mabuku onse aja komanso boma lisamaletse munthu kuganiza ndi kunena zomwe akuganiza. Mu 1673 anamuitana kukaphunzitsa ku yunivesite ya Heidelberg, anakana poopa kuti akamutseka pakamwa. Chaka chotsatira buku lija linaletsedwa. Anamwalira ku The Hague mu 1677 ndi matenda a m'mapapo, ali ndi zaka 44.

Si zonse ndimagwirizana naye ayi. Iye ankati Mulungu ndi chilengedwe chonsechi ndi chinthu chimodzi, ine apo ndimakana, ndimapempherabe kwa Mulungu amene amamva. Koma za Mose zija lero zimaphunzitsidwa poyera m'makoleji ambiri a zaubusa, ndiye chimandikwiyitsa n'choti ena mwa olanga anawa yankho amalidziwa, amangosankha kulanga mwana m'malo mokhala naye pansi. Ndi mantha amenewo, ndipo ndi kulakwa basi.

Ndiye mupange bwanji?

Ngati munalankhula mwamwano, kapepeseni za mwanozo. Funsolo musalipepese. Pezani mkulu mmodzi wofatsa mukambirane awiri, ndipo makolo anu muwafotokozere nokha asanamve kwa anthu.