Kudzuka usiku, kulira mwezi ndi mwezi, kufooka nyengo yozizira: yankho kwa achemwali aku Leeds

Achemwali ena omwe akugwira ntchito yosamalira okalamba ku Leeds, mzinda wa ku England, anandilembera imelo yaitali ndithu, ndingoyifupikitsa. Akuti chiyambireni November thupi lawo likulemera, akumangofuna kugona ndi kudya buledi ndi zotsekemera, kukatsala masiku ochepa kuti apite kumwezi akumalira popanda chifukwa, ndipo usiku amadzidzimuka kawiri katatu ngati wina wawagwedeza. Funso lawo nkumati kodi ndikupukwa kwathu, mutu wayamba kusokonekera, kapena pali wina kumudzi sanakondwe kuti ndinakwera ndege?

Achemwali, pepani kwambiri, koma mtima ukhale m'malo. Zinthu mwatchulazi ndi zitatu zosiyana ndipo chilichonse chili ndi nthawi yake yomwe chimabwerera. Tonse timadziwa zoti thupi limayendera maola 24, kugona usiku kudzuka m'mawa, koma mkati momwemo muli zina zozungulira mwachangu kuposa tsiku, zinanso zimatenga mwezi kapena chaka chathunthu.

Za usikuzo ndi zosadetsa nkhawa kwenikweni. Tulo si chinthu chimodzi chongotalika, timazungulira pafupifupi mphindi 90 zilizonse, kuyamba tulo topepuka, kenako tofa nato, kenako nthawi yolota, nkuyambiranso, kanayi kapena kasanu usiku umodzi. Mu 1953 Eugene Aserinsky ndi Nathaniel Kleitman ku University of Chicago anaona kuti nthawi zina maso a munthu wogona amayendayenda mwachangu pansi pa zikope, ndiye tulo timeneti amati REM, ndipo mu 1957 William Dement ndi Kleitman ankadzutsa anthu panthawi imeneyo, ambiri nkumafotokoza maloto. Tulo tofa nato timachuluka maola oyambirira, tolota timatalika chakum'bandakucha. Pothera pa kuzungulira kulikonse tulo timakhala tapafupi, munthu amatha kutsegula maso pang'ono, ambiri sakumbukira nkomwe. Chimene chimaononga ndi kugwira foni nthawi imeneyo kuti muone zomwe zalowa pa gulupu ya banja pa WhatsApp, apa ndiye tulo tathawa basi. Mukafuna kugonako pang'ono chabe masana, gonani mphindi 20 kapena mulole 90 zonse, chifukwa kudzuka pakati pa tulo tofa nato nkumene kumapangitsa mutu kulemera ngati mwamwa.

Zolira kutatsala masiku ochepa zija, ndi mahomoni. Msambo umazungulira masiku 21 mpaka 35, ambiri chapafupi ndi 28. Dzira likatuluka homoni ya progesterone imakwera, ndiye ngati palibe mimba imatsika pamodzi ndi oestrogen masiku omaliza aja, ndipo kwa amayi ena kutsika kumeneku kumagwedeza maganizo, mtima umachepa, tulo timavuta. Chizindikiro chake nchakuti mukangoyamba kusamba, patapita masiku awiri atatu mumabwerera mwakale. Kwa amayi atatu mpaka asanu ndi atatu mwa 100 aliwonse zimafika poipa kwambiri mpaka kusokoneza ntchito ndi banja, madokotala amati PMDD, ndipo chithandizo chilipo, si zongopirira ayi. Zimandipweteka kuti amayi ambiri anakula akuuzidwa kuti ndi nkhanza zawo chabe.

Koma chimene ndikuganiza kuti chakugwetsani kwambiri ndi chachitatuchi, kufooka kwa nyengo yozizira, chifukwa thupi lanu silinakumanepo nacho. Ku Lilongwe tsiku lalifupi kwambiri mu June limakhala ndi maola 11 ndi pang'ono a kuwala, lalitali mu December pafupifupi 13, kusiyana kwake nkochepa moti sitikuzindikira nkomwe. Ku Leeds mu December kuwala sikukwana maola 8, dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, ndiye ngati muli pa shifiti ya usiku, mukamalowa ntchito kuli mdima, mukamaweruka kuli mdima, masana mwagona makatani otseka, sabata imatha osaona dzuwa ndi maso. Ubongo umatulutsa homoni ya melatonin kukada, ndiyo imauza thupi kuti kwada kagone, ndiye usiku ukatalika chonchi thupi limakhala ngati silinauzidwe kuti kwacha. Norman Rosenthal ndi anzake ku America anafotokoza vutoli mu 1984 nkulitcha SAD, kutanthauza kukhumudwa kobwera ndi nyengo, ndipo zizindikiro zake ndi zomwe mwalembazo, kugona kwambiri, kulakalaka zakudya za sitachi ndi shuga, kufooka, kusafuna kucheza, nkudzapepuka masana akayamba kutalika cha mu March kapena April. Rosenthal yemweyo anachokera ku South Africa kupita ku New York, anaona yekha mmene nyengo yozizira ya kumeneko imamufooketsera.

Kupukwa kulipo ndithu, sindikukana, munthu wasiya ana ndi makolo sangalephere. Koma kupukwa sikuyamba ndi kalendala mu November. Za kumudzizo, ine ndikuti musawaganizire zoipa abale anu, a ku Leeds komweko obadwira komweko nawonso zimawachitikira chaka ndi chaka.

Chomwe mungachite, tulukani panja masana ngakhale kuli mitambo, mphindi 30, chifukwa kuwala kwa panja ngakhale kwa tsiku la mitambo kumaposa kutali kwa mababu a m'nyumba. Kuli nyali zapadera zowala kwambiri, za 10,000 lux (muyeso wa kuwala), zomwe anthu amakhala patsogolo pake theka la ola akadzuka. A NHS, bungwe la boma la zaumoyo ku UK, amalangizanso mamaikilogalamu 10 a vitamini D patsiku nyengo yozizira, ndipo kwa ife a khungu lakuda amati chaka chonse.

Kenako gulani kope, tsiku lililonse lembani mwagona maola angati, mtima uli bwanji, ndi tsiku lomwe mwayamba kusamba, kwa miyezi iwiri kapena itatu. Kopelo pitani nalo kwa GP, dokotala wa ku kiliniki yomwe munalembetsa, ndipo mupemphe akuyezeni magazi, chifukwa kuchepa magazi ndi vuto la chithokomiro (thyroid) zimafooketsanso chimodzimodzi. Koma ngati maganizo ofuna kudzivulaza akubwera, musadikire kope lidzaze, imbani 111, nambala ya NHS, tsiku lomwelo, kapena Samaritans, bungwe lomvetsera anthu osweka mtima, pa 116 123, ndi yaulere usana ndi usiku.